Mafunso a Owerenga: Tianthu ta Pansi pa Nkhokwe

M'makope awiri apitawa tinasindikiza mitu iwiri yoyambirira ya buku la nthano limene mphunzitsi wina wa sukulu ya pulayimale kufupi ndi Dómuè, m'boma la Angónia ku Mozambique, akulemba m'Chichewa. Kwa amene makopewo sanawapeze, nkhani yake ndi iyi. Pansi pa nkhokwe ya banja lina pali mudzi wa tianthu tosafika masentimita 2 msinkhu, timene takhala pamenepo mibadwomibadwo pakati pa nyerere, anankafumbwe ndi akangaude. Chimanga chitalowa m'nkhokwe mwezi wa June, mwini wake wathira mankhwala ophera anankafumbwe, ndipo mudzi wonse wathawa motsogozedwa ndi mtsikana wina wamasiye, kulowera ku chulu chimene chili kutsidya kwa dimba la mbatatesi. Mutu wachiwiri unathera pakati pa ulendowo. Makalata amene abwera pa nkhaniyi ndi ambiri kuposa amene ndingathe kuyankha, choncho ndasankhapo asanu, ndipo imodzi mwa iwo ndi ya mlembi mwini wake, amene wavomera kuti ndimuyankhire pagulu.

Funso: Ndine mtsikana wa kalasi 9 ku Tsangano. Ine ndi anzanga takhala tikutsutsana za tianthuti. Kodi munthu wochepa choncho angakhaledi ndi moyo? Mnzanga wina akuti angafe tsiku lomwelo chifukwa ngakhale nyerere ingamugwetse pansi.

Yankho: Mwana wanga, mnzakoyo wanena zoona kuti munthu wotere sangakhalitse, koma chimene chingamuphe si nyerere ayi. Tiye tiwerengere pamodzi, poti masamu ake ndi a kalasi yako yomweyo. Tenga bambo wotalika masentimita 170, wolemera makilogalamu 60, umuchepetse ka 100 mpaka atsale masentimita 1.7, womwe ndi msinkhu wa tianthu ta m'bukuli. Bamboyu sanangofupika chabe, wachepanso m'lifupi ndi m'kuchindikala kwake, kotero kuti kulemera kwake kwatsika ka 100 katatu konse, ndiye kuti ka 1,000,000. Watsala ndi magalamu 0.06, moti njuchi imodzi ikumuposa kulemera. Koma mphamvu ya mnofu ndi ya fupa imayendera kukula kwa pamene mungadule mnofuwo pakati, ndipo pamenepo patsika ka 10,000 kokha. Ngati kale ankasenza thumba la makilogalamu 30, tsopano angasenze magalamu 3, katundu womuposa kulemera ka 50, amene ali ngati njere 10 za chimanga. N'chifukwa chake nyerere imakoka chiwala chakufa choiposa kutalitali. Sikuti ili ndi mankhwala, kuchepa kwake komweko ndiko kumaithandiza. Mfundo imeneyi anailemba Galileo wa ku Italy kale mu 1638, pofotokoza chifukwa chimene mafupa a nyama zikuluzikulu amakhalira ochindikala kwambiri.

Pamenepa ndiyenera kuwatsutsa aphunzitsi athu. M'mutu wachiwiri, mchimwene wa mtsikana uja wagwa kuchokera padenga la nkhokwe, wathyoka mwendo, ndipo anthu amunyamula pa machira ulendo wonse. Zimenezi sizingachitike. Kanthu kopepuka choncho kakamagwa, mpweya umakagwira, ndipo kamatera pansi ngati mankhusu. Katswiri wina wa ku Britain, J. B. S. Haldane, analemba mu 1926 kuti mbewa mutaiponya m'dzenje lakuya la mgodi imafika pansi, n'kudzidzimuka pang'ono, n'kumapita, pamene munthu amathyokathyoka. Gwedeza nyerere imene ili pa tebulo igwe, uone ngati itsimphine. Mnyamata ujayo akanadzuka, kudzisasa fumbi, n'kumaseka.

Choopsa chenicheni ndi madzi, ndipo m'bukuli mtsikana akutunga madzi ndi kamtsuko n'kukathira m'kankhali ngati ali pa mjigo wa ku Ulónguè. Pa msinkhu umenewo madzi sathiridwa. Amakhala ngati ali ndi khungu, amamata, ndipo amakoka chilichonse chimene chawakhudza. Sabata yatha ndinakhala ndikuyang'ana nyerere imene inaponda dontho la tiyi limene linatayikira pambali pa kapu yanga. Miyendo yake itatu inali kunja pouma, koma dontho linaigwira ngati ulimbo, ndipo inapalasapalasa mpaka ndinaiwolotsa ndi kamtengo ka machesi. Itatuluka inayenda mokwawa, tinyanga take titamatirira kumutu. Dontho lalikulu la mvula, la mamilimita 5, limalemera mofanana ndi munthu wathu uja wathunthu. Ndiye taganiza mame a m'mawa m'dimba la mbatatesi, dontho pa tsamba lililonse, ndipo mudzi wonse ukuyenera kudutsa pamenepo ndi ana kumbuyo.

Chachiwiri ndi chisanu, chimene iwe wa ku Tsangano ukuchidziwa kuposa ine. Thupi laling'ono limataya kutentha msanga chifukwa khungu lake limakhala lalikulu poyerekeza ndi mnofu umene uli m'kati. Kanyama kena konga mbewa ya mlomo wosongoka, kamene asayansi amakatcha Suncus etruscus, kamalemera pafupifupi magalamu 2, ndipo ndi kamodzi mwa tinyama toyamwitsa tochepetsetsa pa dziko lonse. Kuti kasafe ndi kuzizira, kamadya chakudya cholemera kuposa thupi lake tsiku lililonse, ndipo mtima wake umagunda koposa ka 1,000 pa mphindi imodzi. Munthu wathu ndi wopepuka kuposa kanyamako koposa ka 30. Usiku umodzi wa July pa mtetete ungamumalize. Sangasonkhe moto kuti aothe, chifukwa moto suchepa ngati mmene iye wachepera: lawi la kamtengo ka machesi ndi lalitali ngati iye mwini, ndipo palibe mafuwa amene angaike pansi pake kuti aphike nsima.

Usauze mnzako kuti ndiye bukuli lafa. Wokamba nthano akati "Padangokhala," ife timayankha kuti "Tilitonse," ndipo poyankha choncho timakhala tamulola bodza limodzi. Bodza la aphunzitsiwa ndi loti anthu otere alipo, ndipo ine ndalivomera ndi mtima wonse. Chimene sindivomera n'chakuti atatenga bodzalo aiwale mtengo wake, n'kumawayendetsa anthuwo ngati ndi ife tomwe. Akawalola kuopa mame n'kuseka kugwa, nkhaniyo idzakhala yachilendo kuposa mmene iwo akuganizira.

Funso: Ndine mayi wa ana anayi ku Furancungo. Mwana wanga wamwamuna wadula masamba a nkhani imeneyi ndipo amawerenga usiku ndi tochi ya foni. Ine mtima suli m'malo. Tianthu tobisala pansi pa nkhokwe n'kumadya chimanga cha eni ake usiku, kodi si ndondocha zimenezi? Apongozi anga akuti ndi Akafula. Ndimuletse?

Yankho: Mayi, nkhawa yanu ndaimva, ndipo sindikuiseka, chifukwa tonse tinakula tikumva za ndondocha. Koma taonani kusiyana kwake. Monga mmene anthu amakambira, ndondocha ndi munthu amene wina wamuchita chipongwe chifukwa cha dyera la chuma, wamulanda nzeru ndi lilime, n'kumamugwiritsa ntchito mobisa. Ili ndi mwini wake, ndipo nkhani yake ndi ya umbombo ndi mantha. Tianthu ta m'bukuli tilibe wotituma. Tili ndi mfumu yawo, maliro awo, mikangano ya m'banja ndi nyimbo za pamtondo, ndipo njere imene timatenga ndi imene yagwera yokha pansi kudzera m'ming'alu ya nkhokwe. M'mitu iwiri yonseyi mulibe sing'anga, mulibe chizimba, mulibe wouluka pa lichero. Ndi nthano ngati za kalulu ndi njovu, zimene palibe anaziletsapo poti kalulu weniweni salankhula. Nkhani za anthu ang'onoang'ono zilinso m'mabuku a mitundu ina kuyambira kale. Mu 1726 Jonathan Swift wa ku Ireland anasindikiza buku la maulendo a Gulliver, m'mene muli dziko la anthu otalika pafupifupi masentimita 15, ndipo cholinga chake chinali kuseka akuluakulu a ndale a nthawi yake.

Mawu a apongozi anu ndi amene ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa akhudza mbiri yeniyeni. Akafula, amene ena amati Abatwa, sanali a m'nthano. Anali anthu ngati inu ndi ine, aafupi msinkhu inde, osaka nyama ndi kutola zipatso, amene makolo athu anawapeza m'dera lino. Nthano imene tinatsala nayo ndi yoti ukakumana naye ankafunsa kuti, "Mwandionera pati?" ndipo wanzeru ankayankha kuti wamuonera patali, kuopa kumunyoza za kufupika kwake, n'chifukwa chake ena amawatcha Amwandionerapati. Umboni wawo ulipo pa miyala. Mukawoloka malire pa Calómuè kulowa ku Dedza, m'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zojambula za pamiyala amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira, zomwe ndi zakale kwambiri, akatswiri amati ndi za Abatwa, pamene zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau. Anthu amene anajambula pamwamba pa miyala imeneyo sakanakwana pansi pa nkhokwe. Ndikuwapempha aphunzitsi athu kuti dzina la Akafula asalipereke kwa tianthu tawo, ngakhale owerenga ena akuwakakamiza kutero, chifukwa kutero n'kusandutsa mtundu wa anthu kukhala chidole.

Za kumuletsa mwanayo, ine ndikuti ayi. Mwana wa m'chigawo chathu amene akuwerenga Chichewa mwa kufuna kwake, popanda mayeso kutsogolo, si wambiri. Muuzeni akuwerengereni mokweza madzulo mukutong'ola chimanga, apongozi anu ali pomwepo, ndipo mudzaweruze nokha. Chokhacho, tochi ya foni pansi pa bulangete imatopetsa maso ake.

Funso: Ndine mlembi wa nkhaniyi. Ndaima pa mutu wachitatu kwa miyezi iwiri tsopano. Ndikufuna kuti m'chulu mukhale mfumu yankhanza yokhala pa mpando, nduna zake, asilikali ndi akapolo, ndipo mtsikana wanga akagwade pamaso pake kupempha malo. Ndikalemba ndimaona kuti sizikukoma, koma sindikudziwa chimene chalakwika.

Yankho: Aphunzitsi, zikomo chifukwa cholola kuti mbale zanu zitsukidwire pabwalo. Chimene chalakwika n'chakuti simunalembe chulu. Mwalemba bwalo la mfumu ya anthu, n'kuwaveka anthuwo miyendo isanu ndi umodzi. Owerenga anu mabwalo otere amawadziwa kale, ndipo sakufunika kuchepetsedwa ka 100 kuti akawaone. Zimene zilidi m'chulu ndi zodabwitsa kuposa zimenezo.

Chiswe chimene chimamanga zulu zikuluzikulu za kwathu kuno ndi cha mtundu umene asayansi amautcha Macrotermes. Pakati pa chulu, pansi ndithu, pali kachipinda ka dothi lolimba ngati njerwa, kokhala ndi timabowo tating'ono toti antchito okha alowe ndi kutuluka. M'menemo ndimo mumakhala manthu, ndipo aliyense amene anakumbapo chulu kuti achiphe amamudziwa: mutu ndi miyendo ndi zazing'ono ngati za ngumbi wamba, koma mimba ndi yoyera, yonenepa ngati chala chachikulu cha bambo, ndipo imatukuka ndi kuphwa osaleka. Sangayende, ndipo sangatuluke, chifukwa anakula kuposa khomo. Ntchito yake ndi kuikira mazira masauzande ambiri tsiku lililonse kwa zaka zoposa khumi, antchito akumudyetsa kukamwa, kumunyambita ndi kuchotsa mazirawo. Mfumu ilipodi, ndipo apa chiswe chimasiyana ndi nyerere ndi njuchi, kumene yamphongo imafa ikangokwera. Koma mfumuyo ndi kanthu kakang'ono kobisala m'mbali mwa mimba ya mkazi wake. Palibe mmodzi mwa awiriwa amene amalamula kuti khoma limangidwe apa kapena nkhondo ipite uko. Antchito ndi agang'a, asilikali a mitu yofiira aja, alibe maso. Amamvana ndi fungo ndi kugundana tinyanga, ndipo pakakhala ngozi agang'a amamenyetsa mitu yawo pansi kuti uthenga uyende m'dothi.

Ndiye taganizani mtsikana wanu. Wayenda masiku ambiri akuloweza mawu aulemu okanena kwa mfumu, wafika, ndipo wapeza kuti palibe woti amugwadire. Amene ali pa malo aulemu ndi wandende, palibe amene akumuona poti onse ndi akhungu, ndipo chokhacho chimene chingamupulumutse iye ndi anthu ake n'chakuti anunkhe ngati eni mudzi. Tizilombo tina timakhaladi m'zisa za chiswe ndi za nyerere mwa njira yomweyo, potengera fungo la eni ake. Kodi mtsikanayo adzipaka chiyani? Nanga fungolo likayamba kutha pakati pa gulu la agang'a? Ine monga wowerenga ndingakonde zimenezi kuposa mfumu yokalipa.

Chifukwa choti apitire ku chulu mwachipeza kale m'yankho langa loyamba. M'kati mwa chulu chamoyo mumakhala mofunda pafupifupi madigiri 30 usana ndi usiku, ngakhale kunja udzu utayera ndi chisanu. Kwa anthu amene sangasonkhe moto, amenewo ndiwo malo okha othawirako m'nyengo yozizira. Chakudya chilimonso, chifukwa chiswechi ndi alimi. Udzu ndi mapesi zimene chimatuta sichingathe kuzigaya chokha, choncho chimaziumba m'timagulu tooneka ngati zisa, n'kumeretsapo bowa wa mtundu wa Termitomyces, ndipo bowayo akafewetsa zinthuzo ndi pamene chimadya. Bowa wa pachulu amene amayi amazula mvula ikagwa ndi wa m'munda umenewu.

Ngati mukufuna nkhondo, musachite kupeka asilikali. Linthumbu limalowa m'zulu, ndipo nalonso lilibe maso, limangoyenda ngati mtsinje. Koma ine ndingakusankhireni midzodzo, nyerere zikuluzikulu zakuda zimene zimayenda pa mzere zikulira tswii mukazisokoneza. Chakudya chawo ndi chiswe basi, ndipo zimapita kukachithira nkhondo m'magulu a mazana angapo. Erik Frank wa ku Germany ndi anzake, amene anazifufuza ku nkhalango ya Comoé m'dziko la Côte d'Ivoire, analengeza mu 2017 kuti nyerere imene yadulidwa mwendo pa nkhondoyo imanyamulidwa ndi inzake kubwerera kunyumba. Chaka chotsatira anasonyeza kuti kunyumbako zinzake zimanyambita balalo, ndipo mwa zimene zasamalidwa choncho zimafa 10 pa 100 zilizonse, pamene mwa zosasamalidwa zimafa 80. Machira aja munawapereka kwa mnyamata amene sanawafune, apatseni midzodzo. Kumbukiraninso kuti nyerere zonse zogwira ntchito ndi zomenya nkhondo ndi zazikazi, choncho "mkulu wa asilikali wa ndevu" amene munamutchula m'kalata yanu ayenera kusintha.

Pomaliza pa funso lanu, tsekani kope lanu kwa sabata imodzi. Ndili mnyamata, tinkatchera ngumbi pa chulu cha kumunda kwa agogo, kuchifunditsa udzu ndi kukumba kadzenje pambali, ndipo ndinkaganiza kuti chulu ndimachidziwa. Koma mwezi watha, chifukwa cha kalata yanuyi, ndinakabowola chulu china ndi chikwanje, bowo lokwana chibakera, n'kukhala pansi. Poyamba anatuluka agang'a, n'kuzungulira m'mphepete mano ali yasa. Kumbuyo kwawo kunabwera antchito, aliyense ali ndi kachibulumwa ka dothi lonyowa kukamwa, kuika, kupotoza mutu, n'kubwerera, osagundana, popanda wowayang'anira. Dothi latsopanolo linali lakuda pa chulu chotuwa, ndipo pamene dzuwa linkapendeka bowolo linali litatsekeka. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chulu chili pafupi ndi sukulu yanu, ndipo sichilipiritsa ngakhale metikali imodzi.

Funso: Ndine mlimi wa chimanga ndi fodya ku Chifunde. Inu mukusangalala ndi nthano za tizilombo pamene ife tizilombo tikutimaliza. Chaka chatha mbozi zinandidyera theka la munda. Kodi masamba amenewa simukanalembapo za mankhwala?

Yankho: Bambo, pepani ndi zimene zinakuonekerani, ndipo za mankhwala tili ndi tsamba la ulimi limene silinachotsedwe. Koma sindivomera kuti nthanoyi ndi yosiyana ndi vuto lanu. Mbozi zimene mukunenazo, zimene ambiri akuzitcha ntchemberezandonda, kwawo ndi ku America. Zinaoneka koyamba kumadzulo kwa Africa kumayambiriro kwa 2016, ndipo pofika 2017 zinali zitafika m'maiko a kuno kumwera. Gulugufe wake amauluka usiku mtunda wautali, ndipo wamkazi mmodzi amatha kuikira mazira oposa 1,000 m'timagulu pa masamba. Timbozi tikangoswa timakhala poyera kwa masiku ochepa, kenako timalowa m'nsonga ya chimanga, m'mene mankhwala safika bwino. Mlimi amene amayendera munda wake kawiri pa sabata chimanga chili chaching'ono, akutembenuza masamba, amapeza mazirawo n'kuwafinya asanaswe. Amene amayang'ana munda ataima pa msewu amadzazindikira masamba atabowoka kale.

Kuwerama kumeneko ndi kumene nthanoyi ikuphunzitsa ana athu. Mwana amene wayenda m'dimba ndi mtsikana wa masentimita awiri adzadziwa kuti nyerere ndi mavu zimadya mbozi, ndipo adzamvetsa chifukwa chimene alimi ena amathirira msuzi wa usipa kapena madzi a shuga m'nsonga ya chimanga poitana nyererezo. Onaninso kuti chimene chinasamutsa mudzi uja ndi mankhwala othiridwa m'nkhokwe. Mlembi sananene kuti mwini nkhokwe analakwa, pakuti akanapanda kuthira, banja lake likanadya gaga wa anankafumbwe pofika January. Wangotionetsa kuti pansi pa nkhokwe panali ena amene mwini wakeyo sankawadziwa, ndipo mwa zonse zimene zili m'mitu iwiri ija, chimenechi ndicho ndinachikonda koposa.

Funso: Kwathu ndi ku Zóbuè koma ndimagwira ntchito ku Moatize. Ndaona kuti mlembi walemba "formiga", mawu a Chipwitikizi, kawiri m'malo mwa nyerere, ndipo chilichonse chodumpha akuchitcha chiwala. Komanso kwathu ena timati inswa, iye akuti ngumbi. Cholondola n'chiti?

Yankho: Achimwene, maso anu ndi akuthwa, ndipo "formiga" uja ndi mlandu wathu ife osindikiza chifukwa tinayenera kumuona. Sindikuwadzudzula aphunzitsi pa zimenezi. Ambiri a ife tinaphunzira kulemba m'Chipwitikizi. Maphunziro a zilankhulo ziwiri, m'mene muli Chinyanja, anayamba m'sukulu zina za dziko lino mu 2003, ndipo misonkhano yogwirizanitsa kalembedwe ka zilankhulo zathu inachitika mu 1988, 1999 ndi 2008. Dzanja limene linazolowera Chipwitikizi limathamangira komweko likatopa. Pokambirana anthu a m'nkhani, mawu ngati amenewo alibe vuto ngati ndi mmene munthuyo amalankhulira, monganso mmene Apwitikizi a kuno anatolera mawu oti "muchém" ponena chiswe. Koma tianthu ta pansi pa nkhokwe sitinapiteko ku sukulu, ndiye "formiga" tamutenga kuti?

Za chiwala ndikugwirizana nanu kotheratu. Buku la tizilombo lolembedwa m'Chichewa lili ndi chuma chimene mlembi sayenera kuchisiya pansi. Dzombe limabwera ngati mtambo, nunkhadala ndi wamawangamawanga ndipo ngakhale nkhuku imamukana, bwannoni ndi wobiriwira wa mutu wosongoka amene timathamangitsa pa magetsi, nkhululu imakumba una wake n'kuunjika dothi pakhomo, ndipo tsokonombwe ndi uja anatha mtunda n'kudumpha. Kwa munthu wa masentimita awiri, zimenezi n'zosiyana ngati mmene ng'ombe, fisi ndi galimoto zimasiyanirana kwa ife. Nkhululu yolira usiku ndi yamphongo, imalira pokhuza mapiko ake, ndipo makutu ake ali pa miyendo yakutsogolo. Mtsikana uja akafuna kuinong'oneza, agwade n'kulankhula ku bondo lake.

Ngumbi ndi inswa onse ndi mawu athu, ndipo mlembi asankhe limodzi, la kwawo ku Dómuè, n'kukhala nalo mpaka kumapeto. Owerenga amene muli ndi maina ena a tizilombo a kwanu ku Macanga, ku Chifunde kapena ku Tsangano, tumizani pamodzi ndi dzina la mudzi ndi kufotokoza kaonekedwe ka kachilomboko, ndipo ndidzawapereka kwa aphunzitsiwa. Iwo andiuza kuti akufuna bukuli lidzathere pa usiku umene ngumbi zimatuluka, antchito atatsegula makomo a chulu, tianthu tija tikuona mapiko masauzande akukwera m'mwamba, ndipo kunja kuli ana a anthu akuluakulu ndi zidebe ndi miyuni. Ndawapempha kuti mutu umenewo asaulembe mpaka mvula yoyamba ya November kapena December itagwa, akaime okha pa chulu ndi kope m'manja. Mutu wachitatu tidzausindikiza akadzaukonza, mnyamata uja atatsika pa machira.